Mpira Uli M'thumba la Mtedza

Tiyamike mwana wanga,

Ndikulemba ndili m'chigafa masana ano, iwe utapita kwa Mavwere kukatsanzika azakhali ako. Ndasankha pepala chifukwa ine ndi iwe tikayamba kulankhula sitimaliza. Pakamwa pako unatengera panga, ndipo zikwanje ziwiri zikakumana chimatuluka ndi moto basi. Kalata ilibe chitseko choti umenyetse. Uiwerenge basi ikadutsa pa Namitete, pamene sungathenso kutsika kuti udzandiyankhe.

Mpira ndaupeza. Unaubisa kuseri kwa mikangala n'kuufunditsa chiguduli, ngati ine wosankha fodya sindidziwa chilichonse chimene chili m'chigafa changa. Amayi ako andiuza kuti wanena kuti kuyunivesite ukukaphunzira basi, za basiketibolo wathana nazo, watopa kutchedwa waumbombo. Anandiuza motsitsa mawu ngati akunena za maliro. Ndinaseka, koma kunali kuseka kwa munthu amene waluma mchenga m'ndiwo. Mwana wanga weniweni. Mpaka kupusa komwe watengera kwanga.

Tiyambe ndi masewero aja a sukulu za sekondale pa boma, chifukwa ndikudziwa kuti ndi amene anakuthyola. Ndinaliko. Ndinakuuza kuti ndikhala ndikusankha fodya kuesiteti, koma ndinapalasa njinga n'kukaima kumbuyo kwa anthu, pansi pa mtengo wa mango. Zigoli zambiri za sukulu yanu unamwetsa ndiwe. Koma ukangogwira mpira n'kuyamba kuunjanjitsa, aphunzitsi anu a zamasewero, Mayi Nkhwazi, ankawerenga mokweza kuti wani, thu, fili, patsira. Mayi wina wogulitsa mandasi anakuwa kuti, "Iwe wamtaliwe, mpirawo anakugulira abambo ako?" Ndinatsala pang'ono kumuyankha kuti eya, wina ndinamugulira ku Chipata n'kubwera nawo pa keliyala, inu wanu munamugulira chiyani. Ndinadzigwira. Kumapeto, mukutsalira ndi chigoli chimodzi, unazemba atsikana awiri, njira inatseguka, mkombero uli apo ngati khomo la nyumba yako. Ndinakuona ukucheukira kwa Mayi Nkhwazi. Kenako unapatsira Esinati, amene anali chilili kukamwa yasa, mpira n'kumumenya pachifuwa n'kugubudukira kunja. Wezulo inalira. Bambo amene anaima pafupi nane anagwedeza mutu n'kunena kuti mwana waumbombo uja waluzitsa timu. Ukumva, Tiya? Unapatsira, koma dzina silinachoke. Dzina lotere silichoka ndi kumvera.

Uwamvetse anthu a kuno, ngakhale ine ndatopa nawo. Anakulira ntchemberembaye. Kumeneko mtsikana akagwira mpira sayenda nawo, amaima, amaupereka msanga, ndipo oponya ndi awiri okha. Ndi masewero abwino, amayi ako ankawatha ali ku Ludzi. Koma Mayi Nkhwazi anapatsidwa basiketibolo chifukwa choti mipira yonse iwiri ndi yobulungira ndipo imagwidwa ndi manja. Sanaonepo masewerowo akuseweredwa ndi owadziwa. Tsono akaona mtsikana akunjanjitsa mpira yekha n'kumapita nawo, m'maso mwawo akuona mwana amene wanyamula mbale ya nyama n'kuthawira nayo kuseri kwa nkhokwe. Sadziwa kuti lamulo limalola, kuti masewero ake ndi amenewo. Anakuweruza ndi malamulo a masewero ena, iwe n'kuvomera mlandu. Ndipo akanakhala mnyamata akuchita zomwezo akanati ndi dolo. Poti ndiwe mtsikana anati ndi mwano. Izi sindikuuza kuti uzidzimvera chisoni. Ndikukuuza kuti udziwe kulemera kwa pakamwa pamene pakukuthamangitsa pabwalo.

Ine ndinafika kuyunivesite ndili mnyamata wa kwa Dambe, wamtali ngati mlongoti, mpira wonjanjitsa ndisanaugwirepo. Anyamata a m'tauni anandikokera pabwalo chifukwa cha msinkhu wokha, kenako n'kumaseka mmene ndinkathamangira. Ndinayamba kupita pabwalo nthawi ya chakudya cha masana, dzuwa lili paliwombo, ndekha, kuponya mpaka zala kung'aluka. Umve bwino apa. Chaka choyamba chonse palibe amene ananditchula waumbombo, chifukwa ndinkaphonya. Munthu wophonya amakondedwa, amamusisita pamsana. Dzina linabwera nditayamba kumwetsa. Kaputeni wathu, Jeradi, mwana wa bwana wina wa ku Blantyre, ndiye anandipatsa: Kadyayekha. Linagwira ngati chisoso pa thalauza. Pamene ndinkapsa ndekha ndi dzuwa iwo akudya, palibe anabwera kudzati aise, tigawane dzuwali. Anadzafuna kugawana zigoli zokha.

Pali umbombo wina umene ulibe dzina, ndipo ukapita kumeneko ukauona. Pali osewera amene amabisala kumbuyo kwa mdani kuti mpira usawapeze. Amathamanga, amatuluka thukuta, amakweza dzanja mwaulemu pamene akudziwa kuti sungawafikire. Nthawi ikatsala pang'ono kutha, mpira ukawagwera, amakuponyera msangamsanga ngati khala lamoto. Ukamwetsa, tapambana tonse. Ukaphonya, waphonya wekha. Iwo amatuluka pabwalo mbiri yawo ili yoyera, osaphonya n'kamodzi komwe chifukwa sanayese n'kamodzi komwe. Ameneyo akusunga chiyani ngati si khungu lake? Koma oonerera samuona, chifukwa diso limatsata mpira, ndipo mpira uli ndi iwe. Munthu wonyamula mtolo ndi amene amaoneka ngati waba nkhuni. Choncho ukandifunsa ngati n'chilungamo kutchula woponya aliyense kuti ndi waumbombo, ndikuti ayi. Ambiri onena zimenezo sanaimepo pamene anthu onse akukuyang'ana, wina ayenera kuponya ndipo palibe akufuna.

Koma ndisakunamize, poti lero ndaganiza zosiya mabodza. M'dzina lija munali kachoonadi. M'timu mwathu munali Mavuto, wa ku Ntcheu, wamfupi, wa mapewa ngati ng'ombe yapangolo. Ntchito yake inali kuima panjira ya mdani kuti ine ndidutse, ndi kulimbirana mipira imene ndaphonya n'kundibwezera. Nthiti zake zinkalandira zigongono zimene zinali zanga. Tsiku lina anapezeka yekhayekha pansi pa mkombero, dzanja lili m'mwamba. Ndinamuona bwinobwino. Koma kumbali kunakhala atsikana amene ankaimba dzina langa, ndipo ndinaponya ndili patali, adani awiri ali pa ine. Mpira unalowa. Anthu anakuwa. Mavuto anangotsitsa dzanja lake n'kuthamanga kubwerera. Chigoli chimenecho chinali cha umbombo ngakhale chinalowa, ndipo zina zambiri zimene ndinaphonya sizinali za umbombo. Oonerera sangasiyanitse, amangowerenga kuti waponya kangati. Wodziwa ndi iwe wekha: kodi mnzako unamuona n'kumumana, kapena kuponyako kunali kwako? Dzutsa mutu, uone, kenako uponye. Ukamuona ali pabwino kuposa iwe, mpatse, ngakhale atakhala Esinati. Ukaona kuti njira ndi yako, usacheukire kwa munthu aliyense.

Zimene wachita iwe zobisa mpira, ine ndinazichita pamaso pa anthu. Dzina litandikwana, ndinaganiza zowakhaulitsa. Tinali ndi masewero ndi timu ina ya m'tauni, ndipo ndinalowa nditalumbira mumtima kuti lero sindiponya. Mpira ukabwera, ndinkaupereka pompo. Ndikakhala ndekha pansi pa mkombero, ndinkatembenuka n'kuufunira Jeradi, mwaulemu wonse, ngati ndikupereka madzi osamba m'manja kwa apongozi. Iye ankaphonya, ine n'kumamwetulira. Anatikwapula koopsa. Ndinatuluka ndikumva kukoma, ndikudikira kuti abwere adzandipepese. Anabwera Mavuto yekha, akupukuta magazi pamlomo. Anati, "Aise, masiku onsewa ndimakuikira kumbuyo. Koma lero ndiye wadyadi wekha." Sindinamulankhulenso mwezi wathunthu, chifukwa ananena zoona. Kunyanyala nako ndi umbombo, Tiya, ndipo ndi woipa kuposa winawo, chifukwa umavala nkhope ya kudzichepetsa. Mpira uja unapatsira Esinati sunali wachifundo. Unali wamantha osakaniza ndi mkwiyo. Ndinauzindikira chifukwa ndinauponyapo.

Tsopano nkhani imene yandikhazika m'chigafa muno. Iwe wakula ukudziwa kuti bambo ako anachotsedwa kuyunivesite chifukwa cha ndale, nthawi imene nkhani ya matipate inkayamba kutentha. Unalembapo zimenezo m'chimangirizo uli folomu thu, aphunzitsi n'kukupatsa malikisi ambiri. Ndi bodza. Ndinali m'chaka chachitatu. Patapita miyezi iwiri chichitikire masewero ndakuuzawa, ndinalowa m'chipinda chodyera, ndipo Jeradi anaimirira n'kunena mokweza kuti aliyense aphimbe mbale yake, Kadyayekha wafika. Anyamata anayamba kumenya masipuni pamatebulo. Ndinatenga mbale yachitsulo n'kumuphwanya nayo kukamwa. Mano awiri anagwera m'nyemba. Komiti ya chilango inandiimitsa chaka chimodzi, n'kunena kuti ndikadzafuna kubwerera ndidzabwere ndi kalata yopepesa. Basi. Sanandichotse. Khomo analisiya lotsegula, kiyi wake n'kukhala kapepala kamodzi.

Nditatsika basi pa boma ndi sutikesi yanga, munthu woyamba kukumana naye anafunsa n'kudziyankha yekha kuti, "Ndale eti?" Masiku amenewo ophunzira ena ankavutikadi chifukwa cha ndale, anthu olimba mtima enieni. Ine ndinangogwedeza mutu movomera. Pofika kumudzi nkhani inali itanditsogolera, ndili ngwazi. Agogo ako aamuna anandiphera tambala, n'kumauza anzawo kutchalitchi monong'ona kuti mwana wawo sanaope boma. Anamwalira akukhulupirira zimenezo. Ndinaba ulemu wa anthu ena n'kuudya, ndipo unkakoma.

Amayi ako okha ndiwo anadziwa. Anapeza kalata ya komiti ija m'sutikesi akufuna kundichapira malaya. Nthawi imeneyo anali ndi pakati pa iwe. Anandibweretsera pepala ndi cholembera pakhonde, n'kugwada movutika ndi mimbayo, n'kunena kuti, "Lembani, inu. Ndi mizere itatu yokha." Ndinawayankha kuti ine sindipepesa kwa munthu wosadziwa n'kuponya komwe. Anabweretsanso pepalalo mvula itayamba, anabweretsanso iwe utabadwa. Chaka chitatha analeka, anangotenga khasu. Taona, mwana wanga. Mkazi anaima poyera dzanja lili m'mwamba, mwana ali kumsana, ine ndikumuona bwinobwino, koma ndinakakamira kunyada kwanga osakupereka. Ngati ukufuna kudziwa munthu waumbombo, ndi ameneyo. Jeradi anandipatsa dzina lolakwika pabwalo, ine n'kudzalikwaniritsa kunyumba.

Matipate atabwera, amene anavutikadi anaitanidwa, ena anabwerera kusukulu, ena anapatsidwa maudindo. Ine palibe anandiitana, ndipo anthu anayamba kudabwa. Sanafunse, anthu a kuno safunsa, amangokupatsa dzina. Ndi mmene ndinakhalira a Pafupifupi, munthu amene anatsala pang'ono kutenga digiri. Matenanti a kuesiteti, anthu ochokera ku Mulanje ndi ku Thyolo amene sadziwa n'komwe chiyambi chake, amandiitana choncho mwaulemu, chipewa chili m'manja: a Pafupifupi, fodyayu ndi giredi yanji? Ndimawayankha. Ndinathawa dzina limodzi n'kugwera m'lina loti ndifa nalo. Jeradi ndimamumva pa wailesi nthawi zina akulankhula za chitukuko, mano anaikitsa ena. Mavuto anamwalira ndi matenda aja anatha anzathu ambiri. Uthenga unandipeza nthawi yabwino, koma sindinapite kumaliro, chifukwa kumeneko kukanakhala anthu odziwa zoona. Munthu anandilandirira zigongono zaka zitatu, zikomo wanga sanamumvepo. Ukakapeza Mavuto wako kumeneko, ndipo ukamupeza, uzimuthokoza pamaso pa anthu, masewero akangotha, thukuta lisanaume.

Palinso mlandu wanga pa iwe. Ndinakhomera chingelengele cha njinga pa bulugamu kuseri kwa chigafa chino uli ndi zaka zisanu ndi zinayi, n'kukuphunzitsa wekhawekha. Ana a anzathu sindinkawafuna pano, ndinkati adzaboola mpira ndi minga. Tsono ukanaphunzira kupatsira ndani, mbuzi? Unakula ukunjanjitsa mutu uli pansi, maso pa mpira, ndipo mpaka lero ukapanikizika umaweramira pansi. Pa boma paja ndinawerenga kawiri pamene kamtsikana kakafupi kovala nambala seveni kanali poyera, iwe osakaona. Sunakamane, sunakaone. Umenewo si umbombo, ndi chilema chimene ndinakupatsa ine, ndipo chimachizika. Kumene ukupita kuli makochi odziwa, kuli atsikana amene akuposa, ndipo ena a iwo akakumana mpira mpaka ukalira. Ukawapirire. Usakathamangire kuwapatsa dzina limene lakupwetekali. Ukayambe wafunsa ngati anakuona. Dzutsa mutu, Tiya. Ndikubwereza chifukwa ndimakudziwa, mawu amodzi amakulowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Mwina ukuti mpira ndi kanthu kakang'ono, chachikulu ndi digiri. Inenso ndikufuna digiriyo kuposa iwe, ndikufuna ndidzaipachike pamene matenanti angaione. Ukanati ukusiya mpira chifukwa mabuku achuluka, kapena chifukwa sukuukondanso, ndikanakhala chete. Koma usanaubise ndinkakumva m'mawa uliwonse ukuunjanjitsa kuseriku usanatunge n'madzi omwe. Ukuusiya chifukwa cha mayi wa mandasi. Munthu amene wachoka pabwalo chifukwa cha dzina adzachokanso m'kalasi chifukwa cha dzina. Kumeneko ukakweza dzanja kawiri akakutcha wodzimva, ukakhoza mayeso akati ukudzionetsera, ukalankhula Chichewa cha kuno akati ndiwe wa ku Zambia. Ukayamba kubisa chinthu chilichonse chimene anthu achitchula, pomaliza udzatsika basi pa boma ndi sutikesi, ndipo wina adzakufunsa funso n'kudziyankha yekha. Msewu umenewo ndimaudziwa mabampu ake onse.

Ukakwiya, usakhudze munthu. Ukalakwa, lemba mizere itatuyo tsiku lomwelo, manja asanaume. Kupepesa sikuchotsa msinkhu, ine ndinakana ndipo taona mmene ndafupikira. Amayi ako usawafunse za nkhaniyi, aisenza zaka zokwana, ndipo sakudziwa kuti ndakuuza. Ngati ukufuna kundida, undide ine. Uli ndi chifukwa, chimangirizo chija unalemba ndi mtima wonse.

Mawa ndikuperekeza pa njinga mpaka pa siteji, ndipo ndikudziwa kuti tikakangana za chinthu china chopanda pake, mwina chingwe chomangira katundu. Zisiye zikhale choncho. Thumba la mtedza limene amayi ako asoka dzulo ndalisomola n'kulisokanso. Ukaona ulusi wokhotakhota, ndi dzanja langa. Mpira uli pakati pa mtedzawo, ndauphwetsa kuti ukwane. Sindingakuumirize kuupopa. Ukhoza kudya mtedza wonse n'kuusiya uli chiphwetsere pansi pa bedi zaka zinayi, ine sindidzadziwa. Koma usaubweze ndi kondakitala, chifukwa sindidzaulandira, ndipo m'chigafa muno mulibenso malo obisamo zinthu, ndadzazamo zanga.

Kanthu kolimba kamene ukukamva pakona ya envelopuyi ndi kasingano kopopera. Ndakamata ndi selotepi kuti kasatayike. Pampu ukabwereke kwa aliyense wa njinga. Akakakufunsa ngati mpirawo anakugulira abambo ako, ukati eya.

Pepala latha, Naphiri. Ndine bambo ako,

Lingisoni